Funsani Tiyankhe: Kodi Chimbale cha Dolly Parton Chinayenda Malonda?

Makalata ambiri omwe talandira ulendo uno achokera ku Mzuzu, ndipo pafupifupi onse akuzungulira pa mayi mmodzi, Dolly Parton, woyimba wa country wa ku America, ndi chimbale chake cha Rockstar chomwe chinatuluka pa 17 Novembala 2023, iye ali ndi zaka 77. Ena chawasangalatsa, ena akuti mayiyu wataya chamba cha country, ena akungofuna kuti nyimbozo zilire bwino m'galimoto. Nawa ena mwa mafunsowo.

Pamalo pomwe timacheza Loweruka pali mkangano wosatha. Anzanga akuti chimbalechi chinagwa chifukwa sichinafike pa nambala 1 ku America. Ine ndikuti chinagulidwa kwambiri. Akunena zoona ndani? (Bambo wa ku Chibavi)

Mbali yaikulu ya choonadi ili kwa inu, bambo. Rockstar chinalowa pa nambala 3 pa mndandanda wa Billboard 200, womwe umasanja zimbale zonse za ku America posayang'ana chamba. Anzanuwo angoona 3 basi n'kugamula kuti chagwa. Koma mayiyu anatulutsa chimbale chake choyamba mu 1967, ndipo pa zaka zonsezo panalibe chimbale chake chomwe chinakwerapo kufika pamenepo. Blue Smoke cha mu 2014 chinalekeza pa nambala 6. Pa mndandanda wa zimbale za country zokha, Rockstar chinali pa nambala 1.

Chomwe chimasokoneza anthu ndi kawerengedwe ka masiku ano. Kuyambira mu 1991 kampani ya SoundScan, yomwe pano ikutchedwa Luminate, ndiyo imatolera ziwerengero kuchokera kwa ogulitsa, chimbale chikangolipiridwa. Mu Disembala 2014 a Billboard anayamba kuphatikiza zinthu zitatu. Chimbale chathunthu chikagulidwa, kaya ndi CD, mbale ya galamafoni kapena cha pa intaneti, amalemba 1. Nyimbo 10 za m'chimbalecho zikagulidwa imodziimodzi, amalembanso 1. Kumvera pa intaneti nako amakusandutsa nambala: pa nthawi yomwe Rockstar chimatuluka, nyimbo zikamveredwa ka 1,250 ndi anthu olipira mwezi ndi mwezi amalemba 1, pomwe kwa omvera mwaulere, aja amadukizidwa ndi zotsatsa malonda, pamafunika ka 3,750.

Sabata yoyamba Rockstar chinapeza 128,000. Mwa izi, 118,500 zinali zogula zenizeni, munthu kutulutsa ndalama n'kutenga chimbale chonse. Zotsalazo, pafupifupi 9,500 zokha, ndi zomwe zinachokera pa kumvera pa intaneti ndi kugula nyimbo imodziimodzi. Tsopano muikeni pambali pake Morgan Wallen, woyimba wachinyamata wa country yemwe mu Malichi chaka chomwecho anatulutsa One Thing at a Time. Iye anapeza 501,000 sabata yoyamba, koma zimbale zogulidwa zinali 111,500. Zambiri mwa zotsalazo zinabwera chifukwa nyimbo zake zinamveredwa pa intaneti ka pafupifupi 498 miliyoni. Ndiye mukafunsa kuti ndani anagulitsa zimbale zambiri sabata yake yoyamba, mayi wa zaka 77 anamuposa mnyamatayo. Mukafunsa kuti ndani analira kwambiri m'mafoni, palibenso mpikisano, ndi mnyamatayo.

Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Otsatira oyimba akuluakulu ndi anthu ogula chinthu n'kuchisunga m'nyumba. Munthu akagula CD, olo aiyimbe ka 500, imawerengedwa kamodzi kokha. Wachinyamata akamamvera pa foni, ulendo uliwonse ukulembedwa, lero, mawa mpaka chaka chamawa.

Pali pomwe anzanuwo angakugwireni, ndipo ndi bwino mupadziwiretu. Nambala ya sabata yoyamba imakhala yofufuma. Sabata ya Billboard imayamba Lachisanu n'kutha Lachinayi, ndipo onse omwe analipiriratu chimbale miyezi ingapo chisanatuluke amawerengedwa sabata yomwe chafika m'manja mwawo. Komanso Rockstar chinatuluka m'mitundu ingapo, zikuto zosiyana ndi mbale za mitundu yosiyana, moti wokonda mmodzi amatha kugula ziwiri kapena zitatu. Ogula oterewa akatha, palibe khamu la omvera pa foni loti lichigwirize chimbalecho pamwamba, ndiye zimbale za oyimba achikulire zimatsika msanga pa mndandanda sabata zotsatira. Kutsikako kumangosonyeza kuti ofuna kugula anagula kale.

Ndakhala ndikumvera mayiyu kuyambira masiku a makaseti, wayilesi ya MBC ili yokha. Mwana wanga wandiikira chimbalechi ndipo ndathimitsa pa nyimbo yachitatu. Phokoso lokhalokha. Kodi watisiya ife a country? (Mayi wa ku Katoto)

Khutu lanu silinakunamizeni, mayi. Chimbalechi si cha country, ndipo mwini wake sanabise. Chiyambi chake ndi ichi: mu 2022 anasankhidwa kuti alowe mu Rock and Roll Hall of Fame, nyumba yolemekeza oyimba a chamba cha rock. Poyamba anapempha kuti dzina lake lichotsedwe ponena kuti sanagwire ntchito yoyenera ulemuwo. Kenako anavomera, analowa mu Novembala chaka chomwecho, n'kulonjeza kuti ajambula chimbale cha rock. Mwamuna wake, Carl Dean, yemwe anamwalira mu Malichi 2025, ankakonda chamba chimenechi, ndipo mayiyu ananenapo kuti chimenechonso chinamukoka.

Muli nyimbo 30. Zisanu ndi zinayi ndi zake zatsopano, imodzi ndi yake yakale, 20 ndi za oyimba ena zomwe wazibwereza, zambiri akuyimba limodzi ndi eni ake kapena alendo ena. Muli Paul McCartney ndi Ringo Starr, muli Elton John, Sting ndi Miley Cyrus. Zomwe khutu lanu likusaka, gitala yogoneka ija ya kulira kokoka, vayolini, banjo ndi nkhani yofotokozedwa mwachifatse kuyambira poyamba mpaka pothera, zasowa chifukwa malo ake atenga magitala amagetsi ndi ng'oma zolemera.

Maganizo athu ndi akuti chimbalechi chinatalika mopitirira. Maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20 ndi ambiri, ndipo m'nyimbo zina alendo achuluka mpaka mwini nyumba akusowa pokhala. Pomwe zida zachepa n'kumusiya ayimbe, mpomwe mumamvanso Dolly yemwe mumamudziwa. Musayambire pa nyimbo yoyamba n'kumatsika nazo. Muuzeni mwanayo akusankhireni zodekha zokha, zisanu kapena zisanu ndi imodzi, muyambire pamenepo.

Zoti watisiya, ayi. Dandaulo lomweli linamvekanso mu 1977 atatulutsa Here You Come Again, pomwe okonda country ambiri anati wapita ku pop. Islands in the Stream, yomwe anayimba ndi Kenny Rogers mu 1983 ndipo kuno timaiyesa country yeniyeni, inalembedwa ndi abale atatu a gulu la pop la Bee Gees. Ndipo atatha zonsezo anabwerera ku nyimbo za kwawo ku mapiri a Tennessee ndi The Grass Is Blue mu 1999 komanso Little Sparrow mu 2001. Patangotha chaka Rockstar chitatuluka, mu Novembala 2024, anatulutsa Smoky Mountain DNA pamodzi ndi abale ake. Ngati mukufuna zida zamatabwa ndi mawu osaphimbidwa, pemphani zimenezi.

Mawu ake sakumveka ngati kale. Ndi ukalamba kapena makina? (Mphunzitsi wa ku Chiputula)

Zonse ziwiri, aphunzitsi. Munthu akamakula, minofu yotulutsa mawu pakhosi imapyapyala ndi kuuma, ndipo mpweya wokokera mawu aatali umachepa. Kwa amayi ambiri mawu amatsika, ndipo kunjenjemera kwake kumakula. Ojambula amathana nazo potsitsa nyimbo pang'ono, kujambula mzere uliwonse kangapo n'kulumikiza yabwino yokha, kuika oyimba othandizira kumbuyo, ndi kuwongola pa kompyuta pomwe mawu aphonya. Izi zikuchitika pafupifupi m'chimbale chilichonse cha masiku ano, cha wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Kuti mumve mphamvu yeniyeni ya mawu a munthu, sakani pomwe akuyimba pamaso pa anthu ndi gitala imodzi.

Ndimamvera chimbalechi pa Spotify kuno ku Mzuzu. Kodi kumvera kwangaku kumawerengedwa pa nambala zija? Nanga iye amalandirapo kanthu? (Wophunzira wa ku Luwinga)

Pa Billboard 200 ayi, achimwene. Mndandanda umenewo umawerenga zogula ndi zomvera za m'dziko la America lokha. Chimodzimodzi ulemu wa golide ndi pulatinamu womwe bungwe la RIAA limapereka chimbale chikafika 500,000 ndi 1,000,000: ndi wa msika wa ku America. Womwe umawerenga dziko lonse ndi Billboard Global 200, womwe unayamba mu Seputembala 2020, koma umasanja nyimbo imodziimodzi, osati zimbale. Apa mpomwe pamatipweteka ife okonda chamba chimenechi. Country imalira m'maminibasi, m'mabala, m'maukwati ndi m'nyumba za Mzuzu tsiku lililonse, koma pafupifupi yonse imachokera m'mamemore khadi ndi mafulashi, ndipo palibe makina aliwonse omwe amaiwerenga. Wongoyang'ana ziwerengero angaganize kuti kuno oyimbawa sitiwadziwa n'komwe.

Za ndalama, inde amalandira, ngakhale pang'ono. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, Apple Music mu 2020. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa mukaimvera masekondi 30. Palibe mtengo wokhazikika wa kumvera kumodzi. Kampaniyo imasonkhanitsa ndalama za olipira ndi za otsatsa malonda m'dziko lililonse, n'kupereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu kwa eni nyimbo, aliyense molingana ndi gawo lake la zomwe zamveredwa. Kumvera kwa kuno kumabweretsa zochepa poyerekeza ndi kwa ku America chifukwa thumba la kuno ndi laling'ono, ndipo wa ulere amabweretsa zochepa kuposa wolipira.

Ndalamayo imagawikanso pawiri. Gawo lina ndi la eni chojambulidwacho, kampani ndi woyimba, ndipo lina ndi la wolemba nyimbo. Pa nyimbo 20 za oyimba ena zija, gawo la wolemba limapita kwa omwe anazilemba, osati kwa Dolly. Iye amaidziwa bwino nkhani imeneyi. Anakana kuti Elvis Presley ajambule nyimbo yake ya I Will Always Love You chifukwa oyang'anira Elvis ankafuna theka la umwini wa nyimboyo, ndipo Whitney Houston ataijambula mu 1992, gawo la wolemba linali lake.

Samalani bandulo yanu. Chimbale chonsechi mukachimvera pa mlingo wa 96 kbps chimadya pafupifupi 100 MB, pa 160 kbps pafupifupi 170 MB, pa 320 kbps pafupifupi 340 MB. Pa sipika ya foni kapena mahedifoni wamba, 96 ikukwanirani. Olipira mwezi ndi mwezi atha kuchitsitsa kamodzi pa Wi-Fi n'kumamvera opanda intaneti. Foni imasunga chiwerengero n'kuchitumiza mukadzalumikizanso, ndipo muyenera kulumikiza kamodzi pa masiku 30 alionse, apo ayi nyimbozo zimatsekeka.

Ndili ndi bala yaing'ono ndipo Lamlungu timaika country tsiku lonse. Popeza ndimalipira Spotify, ndiye kuti ndatha nazo za chilolezo? (Mwini bala wa ku Mchengautuwa)

Simunathe nazo. Zomwe mumalipirazo ndi za kumvera inuyo panokha. Kuyimba nyimbo pamalo a malonda kumafuna chilolezo cha bungwe la COSOMA, malinga ndi lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016, ndipo zilibe kanthu kuti nyimbozo ndi za kuno kapena zakunja. Kafunseni ku COSOMA mtengo wa malo a msinkhu wanu, ndipo risiti muzisunga pa bala pomwepo.

Obena nyimbo mumsika anandiikira chimbalechi mu memore khadi yatsopano ya 64 GB. Pa kompyuta yawo zimalira, koma wayilesi ya m'minibasi ikuwerenga zochepa, zina ikudumpha, ndipo zikuyamba mosokonekera. Vuto ndi wayilesi? (Dalaivala wa msewu wa Mzuzu–Nkhata Bay)

Kawirikawiri wayilesi imakhala ilibe mlandu, adalaivala. Yambani ndi khadiyo. Mawayilesi ambiri a m'galimoto, makamaka akale, amawerenga makhadi ofometedwa mwa FAT32, pomwe makhadi opitirira 32 GB amabwera ali a exFAT. Wayilesi yotere mwina siiona khadiyo n'komwe. Yanu ikuwerengako zina, ndiye pamenepa mwina mwapulumuka, komabe ya 8 GB kapena 16 GB ndiyo yabwino pa ntchito yanu. Khadi ya 8 GB imanyamula nyimbo zoposa 1,500 za MP3 ya 128 kbps, zokwana maulendo ambirimbiri opita kunyanja ndi kubwerera.

Chomwe tikuchikayikira kwambiri ndi mtundu wa mafayilo. Zambiri zomwe obena nyimbo amatsitsa pa YouTube zimakhala za M4A kapena Opus. Kompyuta imaziyimba zonse, koma wayilesi yanu mwina imadziwa MP3 ndi WMA zokha, ndiye zinazo imangozidumpha. Kusintha dzina la fayilo kuti lithere ndi .mp3 sikuthandiza, pamafunika pulogalamu yosinthira nyimboyo kuti ikhaledi MP3. Muuzeni wobenayo akuonetseni mtundu ndi kukula kwa fayilo iliyonse musanalipire. Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps imatenga pafupifupi 1 MB pa mphindi, choncho chimbale chonsechi chiyenera kukhala pafupifupi 135 MB. Mukaona foda yonse ili 40 MB, dziwani kuti mwina nyimbo sizinakwane kapena zafinyidwa kwambiri, ndipo mukakweza voliyumu zizimveka ngati wayilesi yotha mabatire.

Palinso makhadi achinyengo. Pamwamba alemba 64 GB, kompyuta nayo imaonetsa 64 GB, koma mkati muli malo ochepa kwambiri. Nyimbo zoyamba kulowa zimalira, zolowa malo enieniwo atadzaza zimaoneka maina okha koma sizilira, kapena zimaduka pakati. Mtengo ukatsika modabwitsa, kayikirani. Pa kompyuta ya Windows pali kapulogalamu kaulere ka H2testw komwe kamadzaza khadi yonse n'kuiwerenganso, ndipo kamaulula kukula kwake kwenikweni. Muziyesa khadi isanalowe nyimbo.

Za kusokonekera kwa ndondomeko, mawayilesi ambiri satsata maina a nyimbo, amatsata momwe mafayilo analowera mu khadi. Njira yake ndi kufometa khadiyo, kulemba manambala 01 mpaka 30 kutsogolo kwa maina, n'kukopera zonse motsatana mu foda imodzi. Chenjeraninso ndi kachilombo kofala pa makompyuta omwe amalandira mafulashi a anthu ambiri, kamene kamabisa mafoda n'kusiya tizizindikiro tachabe. Wayilesi imati mulibe kanthu pomwe nyimbo zilimo, zangobisika. Ndipo musazule khadi kompyuta isanamalize kulemba. Ngati mukugwiritsa ntchito fulashi, gulani yaifupi. Yaitali imagwedezeka m'makona ndi m'mabampu, nyimbo n'kumaduka, mapeto ake polowetsa pa wayilesi pamakhwefuka.

Tinenenso mosabisa kuti pa ndalama yomwe mumapereka mumsikayo, palibe nambala yomwe imalembedwa pa malonda a chimbalecho. Funsani ngati wobenayo ali ndi chilolezo cha COSOMA.

Pa WhatsApp pakuyenda nyimbo zomwe akuti ndi chimbale chatsopano cha Don Williams. Munthuyu anamwalira. Zingatheke bwanji? (Bambo wa ku Zolozolo)

Don Williams anamwalira pa 8 Seputembala 2017. Chimbale chake chomaliza cha nyimbo zatsopano ali moyo chinali Reflections cha mu 2014, ndipo anasiya kuyimba pamaso pa anthu mu 2016. Komatu kutuluka kwa nyimbo munthu atamwalira si chizindikiro cha chinyengo pachokha. Jim Reeves anafa pa ngozi ya ndege mu Julayi 1964, koma Distant Drums inafika pa nambala 1 ku Britain mu 1966. Life Is Like a Song cha Kenny Rogers chinatuluka mu 2023, patatha zaka zitatu iye atamwalira, ndipo anachisonkhanitsa ndi mkazi wake. Songwriter cha Johnny Cash chinatuluka mu 2024 kuchokera pa zomwe anajambula mu 1993. Oyimba amasiya zojambula zambiri zosatulutsidwa, ndipo mabanja ndi makampani amazimaliza.

Chavuta masiku ano n'chakuti kompyuta ikutha kutengera mawu a munthu. Nthawi zina izi zimachitika ndi chilolezo. Randy Travis, yemwe anadwala sitiroko mu 2013 mpaka kulephera kuyimba, anatulutsa nyimbo mu 2024 yomwe mawu ake anapangidwa mwa njira imeneyi, iye ndi banja lake akuvomereza, ndipo anthu anauzidwa poyera. Koma enanso akupanga zoterezi mwakuba, n'kumata dzina ndi chithunzi cha woyimba wotchuka kuti atolere ndalama za omvera. Mawu otsika ndi odekha ngati a Don Williams savuta kuwatengera, ndiye okonda iye ayenera kukhala tcheru kuposa ena.

Musanakhulupirire, chitani izi. Sakani dzina la chimbalecho pa Spotify kapena Apple Music, tsikani mpaka pansi pa mndandanda wa nyimbo pomwe pali chizindikiro cha ℗, muone chaka ndi dzina la kampani. Kampani yosadziwika, yomwe mukaisaka simukuipeza paliponse, ndi chenjezo. Kupezeka pa tsamba la woyimbayo pa Spotify si umboni wokwanira, chifukwa achinyengo amatha kulowetsa nyimbo pa tsamba la munthu wina mpaka eni ake atadandaula. Onani ngati tsamba lovomerezeka la woyimbayo kapena la kampani yake lalengeza. Chimbale chenicheni chimatchula olemba nyimbo, wojambula, oyimba zida ndi nthawi yomwe mawuwo anajambulidwa, pomwe chabodza chimangokhala ndi dzina limodzi paliponse. Yang'anani chikuto: zala zochuluka, zingwe za gitala zosalunjika, zilembo zopindika. Kenako mverani ndi mahedifoni, osati pa sipika ya foni. Munthu weniweni amamveka akukoka mpweya asanayambe mzere, ndipo mzere womwewo sauyimba chimodzimodzi kawiri. Mukapeza kuti n'zabodza, musazitumize kwa ena, ndipo pa YouTube pansi pa kanema aliyense pali podina kuti mudandaule.